Miimba ikatha amabwera ndi agalu

Pali mbalame imodzi yomwe simudzaiona pa tisheti ya anthu oteteza zachilengedwe, muimba. Njovu ili paliponse, panda ndiye ali pa chizindikiro cha bungwe loteteza zachilengedwe la WWF, akambuku ndi anamgumi ali m'mavidiyo onse, koma muimba ndi khosi lake losupuka lija komanso mutu womwe umangokhalira kulowa m'mimba mwa nyama yowola, aaa palibe amene angatulutse ndalama ataona nkhope imeneyo. Ine ndimati apa timalakwitsa zedi, ndipo zomwe zinachitika ku India zikundiikira umboni.

M'zaka za m'ma 1980 miimba ku India inalipo mamiliyoni ambirimbiri, moti palibe ankaganiza zoti ingathe. Dziko lija ng'ombe ndi zochuluka ndipo Ahindu ambiri sadya nyama yake, nde ng'ombe ikafa ankangosenda chikopa nkuitaya kutchire, miimba imatsika chigulu, ola lisanakwane pangotsala mafupa okhaokha. Ntchito yaulere, yopanda bajeti ya boma olo galimoto yotola zinyalala.

Kenako m'ma 1990 alimi ndi madokotala a ziweto anayamba kubaya ng'ombe diclofenac, mankhwala omwe aja anthu amamwa mawondo kapena msana ukamawawa. Anali atatchipa, ndipo ng'ombe yodwala imapezadi bwino. Vuto linali loti ng'ombe ikafa patangopita masiku ochepa ibayidwe, mankhwalawo amakhala adakali m'nyama, muimba ukadya impso zimasiya kugwira ntchito, masiku owerengeka wafa. Anthu ankaiona itakhala pa nthambi mutu uli zyoli, khosi lalendewera, kenako phi pansi. Ndipo sizinkafunika kuti ng'ombe zonse zikhale ndi mankhwalawo ayi, poti mtembo umodzi umadyedwa ndi gulu lonse, umodzi womwewo unali wokwanira kupululutsa mbalame zambirimbiri.

Zinatenga nthawi kuti anthu adziwe chikuchitika nchani, ambiri ankaganiza kuti mwina ndi kachilombo kachilendo. Ndi gulu la katswiri wa matenda a ziweto, Lindsay Oaks, lomwe linkafufuza ku Pakistan limene linatulukira kuti ndi diclofenac, zotsatira zake zinatuluka mu 2004. India, Pakistan ndi Nepal analetsa kubaya ziweto mankhwalawa mu 2006, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Mtundu umodzi, uja akatswiri amati Gyps bengalensis, unatsika ndi 99.9 peresenti pakati pa 1992 ndi 2007. Tangoganizani, pa miimba 1,000 kutsala umodzi. Komanso ataletsa choncho anthu ena anangotembenukira ku mabotolo a jakisoni opangira anthu nkumabaya ng'ombe zomwezo, mpaka mu 2015 boma la India linalamula kuti mabotolowo azikhala ang'onoang'ono a 3 ml basi.

Tsono apa mpomwe nkhaniyi imandikhudza. Mitembo ija sinasiye kupezeka chifukwa choti odya anatha. Inayamba kuwolera pomwepo, ina m'mbali mwa mitsinje yomwe anthu amatungamo madzi, ndipo amene anapeza phwando ndi agalu osowa mwini ndi makoswe. Koma galu si muimba. M'mimba mwa muimba muli asidi wamphamvu kwabasi yemwe amapha tizilombo ngati ta anthrax, matenda akalowa mmenemo ulendo wathera pompo. Galu akakhuta amabwerera kumene kuli anthu, amaswana, amaluma ana, ndipo India ndi dziko lomwe anthu ambiri amafa ndi chiwewe kuposa lina lililonse. Mu 2024 akatswiri awiri a zachuma, Eyal Frank ndi Anant Sudarshan, atafananiza madera a ku India omwe munali miimba yambiri ndi omwe munalibe kuyambira kale, anawerengetsa kuti kutha kwa mbalamezi kunawonjezera imfa za anthu pafupifupi 500,000 pakati pa 2000 ndi 2005. Mutha kutsutsana nawo pa kawerengedwe, zimenezo nzololedwa, koma olo mutadula nambalayo pakati ikhalabe yoopsa. Nawonso a Parsi a ku Mumbai, omwe chipembedzo chawo chimati maliro aziikidwa pamwamba pa nsanja kuti miimba imalize, anafika poika magalasi okoka dzuwa kuti mitembo iziuma chifukwa mbalame zinasowa.

Ku Africa kuno njira yake ndi ina koma mathero ndi omwewo. Opha njovu mozembera amadana nayo miimba chifukwa ikamazungulira m'mwamba imaulula kwa alonda a m'paki pomwe pagona nyama, nde akachotsa minyanga amathira poizoni pa mtembowo dala. Ku Botswana mu June 2019 anapeza miimba 537 itafa pa mitembo itatu yokha ya njovu. Nkhani ya njovu zitatuzo anthu angaimve chisoni msanga, koma taonani masamu ake: miimba yambiri imaikira dzira limodzi pa chaka, limodzi lokha, ndipo mwana amatenga zaka zingapo kuti nayenso ayambe kuswana. Inalinso nyengo yolera ana, kutanthauza kuti m'zisa munatsala anapiye akudikira chakudya chomwe sichinabwere, amenewo sanalowe nawo m'chiwerengero.

Chomwe chimandinyansa nchoti yankho la vuto la diclofenac lilipo ndipo si lovuta. Mankhwala ena otchedwa meloxicam amagwira ntchito yomweyo pa ng'ombe ndipo anamuyesa, sapha miimba. Apa sitikukamba zosiya magalimoto kapena kutseka mafakitale ayi, nkungosintha botolo lomwe dokotala wa ziweto akutenga pa shelefu. Koma eti mu 2013 dziko la Spain, komwe kuli miimba yambiri kuposa dziko lina lililonse ku Ulaya, linaloleza diclofenac wa ziweto, zonse za ku India zikudziwika kale, zitalembedwa kale. Ankati kwawoko malamulo otayira ziweto zakufa ndi okhwima nde palibe chodetsa nkhawa. Mu 2020 anapeza mwana wa muimba atafa ku Catalonia, chigawo cha ku Spain komweko, atamuyeza anamupeza ndi diclofenac m'thupi, ndipo ameneyo anapezeka msanga chifukwa anali atamuveka kachipangizo ka GPS kolondolera komwe ali.