Mwana akauzidwa kuti abwereze giredi

Mwezi wa Disembala ukafika, malipoti a teremu yachitatu akaperekedwa, m'nyumba zambiri za m'makomboni a kuno ku Lusaka monga Chawama, Matero, Mtendere ndi Kanyama mumagamulidwa mlandu umene mwini wake, mwana wa zaka zisanu ndi zitatu kapena khumi, sapatsidwa mpata woyankhapo. Kholo limaona dzina la mwana kumunsi kwa mndandanda, limawerenga ndemanga ya aphunzitsi yonena kuti abwereze, ndipo nkhani imathera pomwepo, nthawi zina ndi chikoti. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti chigamulochi chimaperekedwa kholo lisanadziwe chimene mwanayo sanamvetse, ndiponso lisanafunse chimene chidzasinthe m'chaka chobwerezacho.

M'magiredi oyambirira, gwero la kulephera nthawi zambiri ndi kuwerenga. Mwana wa giredi 4 amene sadziwa kuwerenga bwino amalephera masamu, sayansi ndi maphunziro ena onse, chifukwa mafunso a mayeso amabwera olembedwa ndipo palibe womuwerengera. Kholo likhoza kudzionera lokha zimenezi madzulo amodzi. Tengani buku lake, tsegulani tsamba limene sanafikepo kusukulu, ndipo mumupemphe kuti awerenge mokweza. Ana ambiri amaloweza pamtima zimene kalasi lonse limanena pamodzi, kotero kuti patsamba lozolowereka amayenda bwino, koma mukaloza liwu limodzi chakumapeto kwa mzere amangoyang'ana chithunzi n'kuyamba kungoganizira. Mukaona zimenezo, lembani papepala maphatikizo monga ba, le, mba ndi nkha, muone pamene akukakamira. Pa masamu, mupatseni 52 kuchotsapo 27. Akayankha 35, ndiye kuti akuchotsa nambala yaing'ono ku yaikulu mumzere uliwonse, sanamvetse za kubwereka, ndipo vuto lotere limatha m'masabata ochepa pogwiritsa ntchito zivindikiro za mabotolo zoikidwa m'milu ya khumikhumi.

Nkhani ya chilankhulo nayo ndi yaikulu mumzinda uno. Ndondomeko imene inayamba mu 2014 inati ana a giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha m'dera lawo, chimene kuno ku Lusaka ndi Chinyanja, kenaka Chingerezi kuyambira giredi 5. Koma Chinyanja cha m'buku chimasiyana ndi cholankhulidwa pamsika wa Soweto kapena m'minibasi, ndipo m'kalasi limodzi mumakhala ana amene kwawo amalankhula Chibemba, Chitonga kapena Chilozi. Mwana wotero akhoza kukhala wanzeru ndithu n'kumalepherabe. Palinso silabasi yatsopano imene inayamba kugwira ntchito mu 2025 ku giredi 1 ndi fomu 1, ndipo imafupikitsa pulaimale kukhala zaka 6 m'malo mwa 7. Popeza ikulowa pang'onopang'ono, mwana wobwereza akhoza kugwera m'gulu lotsatira silabasi ina, choncho funsani kusukulu ngati mabuku amene muli nawo adzagwirabe ntchito.

Tisaiwalenso kuchuluka kwa ana. Boma la Pulezidenti Hakainde Hichilema litachotsa fizi m'sukulu za boma mu Januwale 2022, ana ambiri amene anali pakhomo anabwerera kusukulu, chimene chili chinthu chabwino kwambiri, koma ngakhale aphunzitsi oposa 30,000 analembedwa ntchito chaka chomwecho, makalasi a m'makomboni akadali odzaza, ena akulowa m'mawa ena masana. Mwana wofatsa wokhala kumbuyo akhoza kutha chaka osafunsidwa funso ngakhale limodzi. Onjezanipo masiku otayika: sukulu zinatsekedwa mu 2020 chifukwa cha COVID-19, mu 2024 zinachedwa kutsegulidwa mpaka mwezi wa Febuluwale chifukwa cha kolera, ndipo mvula ikakula ku Kanyama ana ena amakhala pakhomo chifukwa njira zadzaza madzi. Pemphani kuona kaundula wa kalasi, pakuti mukhoza kupeza kuti mwana amene amavala yunifolomu m'mawa uliwonse sakhala m'kalasi tsiku lililonse.

Musanavomere chilichonse, pitani naye kuchipatala akamuyeze maso ndi makutu. Mwana wotsinzinira poyang'ana pabolodi, wokopera zolemba za mnzake m'malo mwa za aphunzitsi, kapena amene amatuluka mafinya m'khutu, akufunika thandizo la dokotala. Yambirani kukiliniki ya m'dera lanu, ndipo iwo akhoza kukutumizani kuchipatala chachikulu cha UTH ngati pakufunika. Ngati zonse zili bwino koma zilembo zikumusokonezabe patapita zaka zitatu, funsani ngati pasukulupo pali mphunzitsi wa maphunziro apadera, monga amene amaphunzitsidwa kukoleji ya ZAMISE kuno ku Lusaka.

Pokaonana ndi aphunzitsi, mawu oyamba ndiwo amatsegula kapena kutseka khomo. Kholo likalowa ndi mkwiyo, mphunzitsi amayamba kudziteteza, ndipo za mwana sizikambidwanso. Ndi bwino kunena kuti, "Aphunzitsi, ndabwera kuti mundithandize kumvetsa pamene mwana wathuyu akuvutikira." Pemphani mapepala a mayeso amene analemba ndi makope ake a chaka chonse, muone limodzi ngati zolakwa zake zili za mtundu umodzi. Mukapanda kukhutira, kaonaneni ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo ngati sukulu ikuumirira chinthu chimene simukuchimvetsa, ofesi ya DEBS, yoyang'anira sukulu za m'boma lanu, ilipo kuti imve madandaulo a makolo.

Kubwereza ndimakuvomereza pamene mwana ali wamng'ono, wa giredi 1 kapena 2, amene anayamba sukulu msanga kapena anadwala miyezi ingapo, ndipo zilembo sanazigwire n'komwe. Akuluakulu anati mmera mpoyamba, ndipo pamsinkhu umenewo manyazi sakhala aakulu. Koma ngakhale pamenepo, kholo lipemphe kuti china chake chisinthe: mphunzitsi wina ngati n'kotheka, mpando wa kutsogolo, ndi pangano lomveka la zimene mwanayo adzakhala atadziwa pofika mu Epulo. Mwana akabwerera pampando womwewo wa kumbuyo, ndi buku lomwelo ndi kaphunzitsidwe komweko, palibe chifukwa choyembekezera zotsatira zina. Kwa mwana wa giredi 5 kapena 6 ndimakayikira kwambiri. Mtsikana amene wayamba kukula, akakhala pakati pa ana aang'ono pamene anzake apita patsogolo, amayamba kujomba mwakachetechete, ndipo kujomba ndiko chiyambi cha kusiyiratu sukulu.

Njira imene ndimaikonda kwa ana aakuluwo ndi yakuti apitirire ndi anzawo koma alandire thandizo lolunjika pa chimene chawavuta. Unduna wa Zamaphunziro uli ndi pulogalamu yotchedwa Catch Up, imene inayamba kuyesedwa mu 2016 potengera njira ya bungwe la Pratham la ku India. Ana a giredi 3 mpaka 5 amayesedwa mmodzimmodzi n'kuikidwa m'magulu malinga ndi pamene afika, kaya pa zilembo, pa mawu kapena pa ndime yathunthu, mosayang'ana giredi yawo. Funsani ngati sukulu ya mwana wanu ili nayo. Ngati ilibe, njira yomweyo ikhoza kutsatiridwa pakhomo kwa theka la ola tsiku lililonse, magetsi alipo kapena kulibe, ndi kholo kapena mkulu wake woleza mtima.

Za tushoni, samalani ndi aphunzitsi amene amangobwerezetsa mapepala akale a mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso m'dziko muno, kwa mwana amene sadziwa kuwerenga, ndipo funsani kuti pagulupo pali ana angati musanalipire. Kusamutsira mwana kusukulu yolipira kumathandiza ngati kalasi lili laling'onodi, koma sukulu zambiri zotere zimayesa mwana polowa ndipo zikhoza kumubweza giredi imodzi chimodzimodzi.

Chilichonse chimene mwasankha, mwana amve kuchokera kwa inu, muli awiri, osati pamaso pa abale ake kapena alendo. Muuzeni chimene mwapeza, mwachitsanzo kuti maphatikizo a zilembo zitatu ndiwo akumuvuta ndipo mudzawagwirira ntchito limodzi, ndipo letsani aliyense pakhomo kumutchula mbuli. Teremu yoyamba ikamatha mu Epulo, tsegulaninso tsamba limene sanaliwerengepo, mumumvetsere, kenaka mubwerere kwa aphunzitsi ndi zimene mwamva kuti mugwirizane za teremu yachiwiri.