Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Tsiku limene ndinayenda wapansi mu Bulawayo

Abale anga ndabweranso. Pepani ndinasowa, foni inagwera m'ndowa ndikuchapa ndiye masabata awiri onsewa ndinali zii. Zikomo nonse amene munalemba makomenti pa gawo lapita lija, makamaka inu mayi a ku Mchinji amene munandiuza ku inbox kuti nanunso bambo anu anatchona ku Joni, musaganize kuti sindinaone, ndinawerenga kawiri. Ndipo inu amene mukuti bwanji ndikuyanika za m'nyumba pagulu, amayi ndinawapempha kaye ndisanayambe zonsezi, iwo anati lemba mwanawe ine ndakalamba ndibisiranji.

Tinalekezera paja mng'ono wanga wa ku Bulawayo uja, amene ndinamudziwira pa Facebook ndili kale ndi zidzukulu, anandiitana kuti ndikaone manda a bambo. Atsibweni aja mukuwadziwa kale, anazungulira Kawale yense kuuza anthu kuti ndikupita kukalanda nyumba ya masiye. Atsibweni, ndikudziwa ana anu amakuwerengerani izi, dikirani mumve nyumba yakeyo.

Za ulendo sinditaya nthawi, boda ya Dedza, Tete kotentha ngati mu uvuni, Nyamapanda, Harare, kenako Bulawayo miyendo itatupa.

Kumanda tinapita tsiku lomwelo. Ndinene zoona, sindinalire. Mnzanga akusisima, ine maso gwa, ndikungowerenga dzina pamwalapo, dzina lomwe lija ndakhala ndikulemba pa mafomu moyo wanga wonse kuyambira ku pulayimale, koma mwini dzinayo sindikumudziwa. Bambo anapita koyamba nthawi ya Chitaganya ali mnyamata, anabwera kudzakwatira amayi, n'kumapita n'kumabwera, mpaka ulendo wina ine ndili ndi zaka zinayi sanabwerenso. Chimene ndimakumbukira ndi jekete yawo basi, fungo lake, nkhope ayi. Usiku umenewo sindinagone, ndimadzifunsa kuti kodi ndine munthu wanji ine wosalira pa manda a bambo wake, ndawononga ndalama zonsezi kudzaima ngati chitsa. Kutacha ndinamuuza mng'ono wanga kuti iwe, undiyendetse wapansi njira imene bambo ankadutsa popita ku ntchito. Iye ndi Chichewa chake chothyokathyoka chija akuti sisi makombi alipo. Ndinati ayi, iwo ankakwera kombi?

Tinayambira ku Makokoba, lokeshoni yakale kuposa onse mu mzindawo, kumene anthu akuda ankaloledwa kugona azungu ali m'tauni. Atsibweni tcherani khutu. Nyumba ija ndi kachipinda, bedi, mbaula, katani yogawa pakati, basi, ndipo mukukhala anthu ena. Khitchini yanu ya ku Kawale ndi yaikulu. Ndalama zimene bambo anasunga zinasanduka mapepala mu 2008 ndalama ya dzikolo itagwa, anamwalira akudyetsedwa ndi mwana wawo wogulitsa tomato. Ndiye chimene ndinapita kukalanda ndi chiyani?

Kuchoka apo tinalunjika ku tauni. Uli patali umayamba waona zinsanja za pamalo opangira magetsi, zikuluzikulu zowonda pakati ngati mitondo ya ziphona. Eni ake mzindawu amautchula kuti koNtuthu Ziyathunqa, kutanthauza kofuka utsi, chifukwa kale mafakitale anali mbwee, a nsalu, a zitsulo, a matayala, ndipo anthu a ku Nyasaland ankathamangira utsi umenewo. Tsiku limenelo ine kumwamba ndinaona kuli mbee. Mng'ono wanga anandilozera cha ku Belmont n'kunena kuti mashedi ambiri amene munali makina pano muli matchalitchi, anthu akupempherera ntchito mmene makolo awo ankagwiriramo ntchito.

Misewu abale! Ife a Lilongwe timanyada ndi misewu yatsopanoyi koma kumene kuja anaikuza kalekale, anaiyeza kuti ngolo yokokedwa ndi ng'ombe 16 izitha kutembenuka osamasula. Kuwoloka kokha umachita kupuma kaye. Tinadutsa pa City Hall pamene amayi amagulitsa maluwa, tinaona chiboliboli cha Joshua Nkomo chimene anachiimika mu 2013, ndinajambulitsa, koma mtima wanga sunali pamenepo.

Mtima unali ku njanji. Sitima inafika mu Bulawayo mu 1897 ndipo mpaka lero likulu la njanji za Zimbabwe lili komweko. Kuseri kwa siteshoni kuli malo osungirako sitima zakale, anatsegula mu 1972, mitu ya sitima zamalasha yangondandalikana phee, yakuda bii, mateyala ake kutalika ngati ine. Mng'ono wanga anandigwira dzanja kundipititsa pa mutu wina, akuti bambo ntchito yawo inali iyi, sitima ikabwera iwo ankalowa pansi kupala phulusa ndi kupukuta, malasha ake ochokera ku Hwange, iwo mpaka kufa ankangoti Wankie. Ndinakwera timasitepe, ndinasuzumira pa kachitseko koponyerapo malasha, ndiye fungo lija linandimenya. Malasha osakanikirana ndi girisi wakale. Jekete ija. Abale ndinakhala pansi pa chitsulo pomwepo n'kuyamba kulira mokuwa ngati uthenga wangofika kumene, zaka zonse zija ndimaganiza kuti ndi fungo la bambo anga, osadziwa kuti ndi fungo la ntchito imene inawatenga. Ndinalira za fizi imene amayi ankaipeza pophika kachasu, ndinalira za tsiku la chinkhoswe changa pamene mpando wawo unakhalidwa ndi atsibweni omwewa, ndinalira mpaka bambo wina wogwira ntchito pamenepo anabwera ndi madzi m'kapu osafunsa kanthu. Kaya anazolowera kuona ana a matchona, kaya.

Chimene chinandipweteka china ndi bogi la Cecil Rhodes, nalo lili pomwepo, la munthu mmodzi koma muli pogona, podyera, matabwa ake osalala kuchita kung'anima. Mzunguyo anafera ku Cape mu 1902 koma mtembo wake anaukweza sitima mtunda wonsewo kudzauika ku mapiri a Matopos kumene iye anafuna. Bambo anga anapukuta sitima mpaka msana kupindika, koma panalibe ngakhale imodzi yowabweretsa kwawo ku Nathenje. Ena munalemba kuti anachita kufuna okha, anali ndi mkazi wina. Inde anali naye, sindikuwaikira kumbuyo, amayi anavutika ndipo ine ndinaona ndi maso. Koma mng'ono wanga akuti chaka chilichonse ankati chaka chamawa ndipita kumudzi ndikapeza ya sutukesi ndi bulangete, munthu ungafike bwanji chimanjamanja patapita zaka zonsezi. Manyazi amenewo ine ndikuwadziwa, paja ndinakuuzani mu gawo 6 mmene ndinakhalira ku Area 25 zaka zitatu osaponda kwa amayi banja litatha, pamene ndi ulendo wa minibasi ziwiri.

Nditabwerera ku Lilongwe ndinapeza amayi akusankha nyemba pakhonde. Ndinawaonetsa zithunzi pa foni, manda anangoyang'ana kamodzi n'kupitiriza nyemba zawo. Za mkazi uja sanafunse, za nyumba sanafunse. Patapita nthawi anati, kodi misewu yake ndi yaikuludi mmene ankanenera muja, yoti ng'ombe zimatembenuka ndi ngolo? Ndinati eya amayi, ndi yaikuludi. Anapeta nyemba zija kawiri, n'kunena kuti, ooh, ndiye kuti sananame zonse.