Mphatso imene ndinalephera kuibisa

Mwana wanga wamkazi ankakwanitsa zaka 28, ndipo ine ndinali nditatopa kumugulira zinthu zimene amangozisunga mukabati pondilemekeza. Ali pantchito, zimene akufuna amagula yekha. Ndiye ndinati ndalama yomweyo ndimuikire penapake pamene ingabereke. Sinali yambiri ayi, inali yongokwanira nsapato zabwino peyala imodzi.

Ndinayambira kubanki, pa akaunti ija umatsekera ndalama kwa miyezi ingapo. Ubwino wake chiwongoladzanja umachidziwiratu. Koma nditakhala pansi ndi cholembera ndinaona pamene pagona vuto: banki ikamapereka 6 peresenti pachaka pomwe mitengo ya zinthu ikukwera ndi 9 peresenti, nambala ya papepala imakula koma zimene ungagule nayo zimachepa. Ndinaisiya. Zobwereketsa boma ndalama sindinachedwe nazo, chifukwa yoyambira imene ankafuna inaposa imene ndinali nayo.

Mtima wanga unali pa masheya. Ndinkafuna kudzamuuza kuti, "Kampani yakutiyakuti uli ndi gawo lako mmenemo." Kampani yogulira anthu masheya inandiwerengera komishoni yawo, ndipo apa m'pamene ndinazizidwa. Anali ndi malipiro osatsika ngakhale ugule pang'ono bwanji, moti pa kandalama kanga akanadula chigawo chooneka ndithu sheya imodzi isanakwere n'komwe mtengo. Pogulitsanso amadula. Komanso kampani ikakhala imodzi, chaka chikaivuta phindu saligawa, ndipo mtengo wa sheya umatsika. Mwana angamasekere mphatso yotero?

Mapeto ake ndinasankha unit trust. Anthu ambiri amasonkha pamodzi, odziwa ntchitoyo n'kumagula masheya a makampani osiyanasiyana ndi ngongole za boma, iwe n'kukhala ndi timagawo tako m'thumbalo. Ina ikagwa, zina zimachirikiza. Ndinapempha mapepala a mathumba atatu, n'kuyang'ana zinthu zitatu: ndalama yoyambira, imene amadula chaka chilichonse poyendetsa thumbalo, ndi masiku amene munthu amadikira akafuna kutapa. Yodula pachaka ija musaipeputse. Amaitenga ngakhale chaka chimene thumba laluza. Pali kawerengedwe kena kamene kanandithandiza: gawani 72 ndi phindu la pachaka, mupeza zaka zimene ndalama ingatenge kuti iwirikize kawiri. Pa 8 peresenti ndi zaka 9, pa 6 peresenti ndi zaka 12. Kusiyana kwa 2 peresenti kokha kumadya zaka zitatu. Palibe amene angakulonjezeni phindu lenileni, koma zimene amadula n'zolembedwa.

Tsono ndinapita kuofesi kwawo ndi ndalama yanga, ndili ndi chidaliro kuti nditsegula mwakachetechete. Mayi amene anandilandira anandifunsa zaka za mwanayo, kenako anamwetulira. Munthu wamkulu satseguliridwa akaunti iye kulibe. Amafunika chiphaso chake, umboni wa kumene amakhala, ndi kusaina yekha, potsatira malamulo oletsa kubisa ndalama zopezeka mwachinyengo. Anati ndikhoza kutsegula m'dzina langa. Ndinaganiza kaye. Zikatero ndalamayo ndi yangabe pamalamulo, ndipo nditamwalira ingalowe m'gulu la chuma chamasiye, mwanayo n'kumalimbirana ndi ena chinthu chimene ndinati n'chake.

Ndinamuimbira foni ndili pakhomo pomwepo.

"Amayi, mwayamba liti zimenezi?" anaseka.

Tinadzaza fomu limodzi patatha masiku awiri. Pamene ankafunsa ngati phindu azimupatsa kapena azilibwezera m'thumba, anasankha yekha kuti lizibwerera. Kenako anatembenuka. "Nanga ndikafuna kuitapa mwezi wamawa, mudzakhumudwa?"

Kunena zoona, ndikanakhumudwa. Ndinali nditawerengera kale zaka 10 m'mutu mwangamu. Ndinameza malovu n'kunena kuti, "Ndi yako, uchite nayo zimene ukufuna."

Pa tsiku lake lobadwa ndinamupatsa envelopu muli lisiti yokha, imene anali ataiona kale. Anaipinda n'kuiika m'chikwama. Malipoti a thumbalo amapita kwa iyeyo, ine sindiwaona. Mwezi wathawu anangondiuza m'kati mwa nkhani zina kuti wayamba kuwonjezerapo kangachepe akalandira malipiro, ndipo ndinagwira pakamwa kuti ndisafunse kuti zafika zingati.