Mbuzi inandipulumuka chifukwa cha K200

Pa bawo paja pansi pa mtengo wa mango amanditchula kuti Google, ndipo dzinali sindinachite kulipempha, linabwera lokha chifukwa mkangano uliwonse, kaya wa mpira kaya wa ndale, umathera pa ine. Ndiye mpingo wathu utalengeza kuti kukhala mpikisano wa mafunso wopezera ndalama zofolerera tchalitchi, timu iliyonse anthu atatu, mphoto mbuzi yamoyo, ine ndinawauziratu mayi a Chisomo kuti agule anyezi, tomato ndi tsabola. Ndinatha bandulo ndi bandulo kuloweza malikulu a mayiko mpaka ndimabwebweta Ouagadougou kutulo.

Vuto linayamba pakuti matimu sitinasankhe tokha, mayina anaikidwa m'chipewa. Ine ndinagwera limodzi ndi alamu anga, mchimwene wake wa akazi anga, komanso, Mulungu ndi wanthabwala ndithu, apongozi anga aakazi omwe anali atabwera kuchokera ku Dedza kudzationa. Inu obadwira m'tauni mwina simudziwa, kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, ukawaona akubwera umapatukira kutchire ngakhale kuli chitedze. Ndiye tinakhala chonchi: ine uku, amayi uko atatembenukira kukhoma pang'ono, alamu pakati. Chilichonse chofuna kunena amayi chimayenera kudutsa kaye mwa alamu.

Belu kunalibe. Timu iliyonse inapatsidwa mbale yachitsulo ndi supuni, woyamba kugogoda ndiye ayankhe, ukalakwa akuchotsera mapointi asanu. Supuni ndinalanda ine, nanga ndani winanso. Wofunsa anali ahedi ena opuma pantchito, munthu wolankhula mwapang'onopang'ono, amene amaima pakati pa chiganizo nkuyamba kupukuta magalasi. Mbuzi inali panja pa zenera, ikulira.

Poyamba zinayenda bho heavy. Likulu la Australia, achinyamata a kwaya anathamangira Sydney, ine gogogo, Canberra. Likulu la Nigeria, Abuja, ndinawonjezeranso ulere kuti anachoka ku Lagos mu 1991. Bob Marley anaimba pa chikondwerero cha ufulu wa dziko liti mu 1980, Zimbabwe, ku Rufaro Stadium. Holo yonse m'manja, ine kutukula kolala, kuyang'ana mbuzi ija nkumaiwerengera nthiti.

Kenako ahedi anati, "Likulu la dziko la Malawi..." nkuvula magalasi. Ine gogogo! "Lilongwe!" Iwo anapukuta magalasi aja bwinobwino, nkuvala, nkupitiriza: "...lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, linali kuti?" Ana a Sande sukulu onse pamodzi, "Zombaaa!" Mapointi asanu apita. Alamu anandinong'oneza kuti amayi akuti muzidikira kaye. Ndinati awuzeni amayi kuti ndamva, koma pa zamabuku chinandigwiranso. "Mlembi wotchuka wa ku Nigeria..." magalasi pansi, ine gogogo, "Chinua Achebe!" chifukwa aliyense amene anadutsa ku sekondale akamva Nigeria ndi buku amangoganiza za Things Fall Apart ya 1958 ija. Ahedi: "...amene analandira mphoto ya Nobel mu 1986." Wole Soyinka. Anayankha ndi kamtsikana ka Fomu 3 kotafuna chingamu, osandiyang'ana nkomwe.

Pa zamasewero tinapumako chifukwa alamu anga mutu wawo wonse ndi mpira, china mulibe. Flames inachinya dziko liti zigoli 3 kwa 0 ku AFCON ya 2010 ku Angola, iwo Algeria, nkuyamba kufotokoza za Kinnah Phiri mpaka ahedi kuwaletsa. Gabadinho Mhango anachinya chigoli chapatali chija ku Cameroon posewera ndi ndani, Morocco, ngakhale tinatuluka 2 kwa 1. Koma atafunsa za mtsikana wa Queens amene anapita kukasewera mpira wamanja ku Australia, tonse amuna awiri kukamwa yasa, ndipo yankho linachokera kukhoma kuja: Mwai Kumwenda. Amayi aja wailesi sazimitsa, amagona nayo, amapita nayo kudimba. Atafunsa chaka chimene TVM inayamba kuwulutsa, ine ndinkafuna kunena 1994 poganiza kuti inabwera ndi matipati, alamu anandigwira dzanja, amayi akuti 1999. Zoona. Ndinayamba kutuluka thukuta la m'khwapa.

Tsopano mverani pamene panaipa. Gawo la nyimbo, funso linali lakuti ndani anapeka nyimbo ya fuko lathu. Nyimbo yoti taimba pa asembule kuyambira Sitandade 1, koma mutu wanga unangoti zii, munatsala Ouagadougou yekha. Ndinaona amayi akuwerama nkunong'oneza alamu, alamu nkutembenukira kwa ine: "Akuti sauka."

Mtima unandiwawa, amwene. Zoona ndalakwitsa mafunso awiri, koma mpaka kunditemberera m'nyumba ya Mulungu? Ndinati alamu, awuzeni amayi mwaulemu kuti ndikuyesetsa, fetereza wa chaka chatha ndinatumiza ndine. Alamu anapereka uthengawo, amayi ananong'onezanso mwamphamvu, alamu: "Akuti sauka, sauka msanga!" Ine ndinaika supuni pansi nkupinda manja. Nthawi inatha. Kamtsikana ka chingamu kaja gogogo: "Michael Sauka." Alamu anagwa pa benchi ndi phwete, ndipo ndikukhulupirira mpaka lero kuti dzina loyambalo analimva bwinobwino koma analisiya dala.

Mwamwayi a chigwirizano cha amayi ndi madikoni anali atatsalira kutali, ndiye pomaliza tinafanana mapointi ndi achinyamata a kwaya. Funso limodzi lothetsa mkangano, wopeza watenga mbuzi. Ahedi anapukuta magalasi nthawi yaitali kwabasi, nkuti: "Kodi mayi amene nkhope yake ili pa ndalama ya K200 ndi ndani?"

K200! Ndalama yoti ndimaigwira tsiku lililonse, kugulira mandasi, kukangana nayo ndi makondakitala. Chilembwe ndikumudziwa, Kamuzu ndikumudziwa, koma mayi ameneyu nkhope ndikuiona m'mutu, dzina osabwera. Achinyamata nawonso anali chete, iwowa anazolowera ndalama za pa foni. Ndipo ine ndinakumbukira kuti m'thumba la thalauza muli K200 ya chenji cha minibasi. Alamu amandikoka malaya kuti amayi akufuna kunena kanthu, ine ndinati ayi, za amayi zandikwana, ndithana nazo ndekha. Ndinalowetsa dzanja m'thumba mwakachetechete, maso ali kudenga ngati munthu wozama m'pemphero, nkuisolola pang'onopang'ono pansi pa tebulo.

Inatuluka ndi mnzake. Kapepala ka kubetcha mpira kanamatirira ku ndalamayo, kanagwa, kamphepo ka pa zenera nkukakankhira pakati penipeni pa holo. Mwana wina wa Sande sukulu anakatola nkukuwa, "Ankolo akuonera! Ndiponso agwetsa risiti!" Anakapereka kwa abusa. Abusa anawerenga mwakachetechete, kuyang'ana ine, kuwerenganso. Pa kapepalako panali matimu a mpira asanu ndi awiri, kuphatikizapo timu yanga ya ku England ija, sinditchula dzina, mavuto ake mukuwadziwa. Ine ndine msungichuma wachiwiri wa komiti ya denga lomwelo, musaiwale.

Ahedi analengeza kuti timu yathu yachotsedwa chifukwa chakuba mayeso. Apo ndi pamene amayi anaimirira, kukonza chitenje, nkulankhula mokweza koyamba tsiku lonselo, akuyang'ana ahedi: "Ndi Rose Chibambo. Anamangidwa ndi atsamunda mu 1959 ali ndi khanda m'manja. Ndakhala ndikumuuza mwanayu kuti awauze bambo a Chisomo, koma iwo anali otanganidwa ndi m'thumba." Holo inaphulika, nthungululu, ena mpaka kuimirira. Mbuzi inapita kwa achinyamata omwe sanayankhe nkomwe. K200 ija dikoni wina anailanda nkuiponya m'mbale yomwe ndimagogoda ija, akuti chopereka chachiyanjanitso.

Kunyumba tinapeza mayi a Chisomo atakazinga kale anyezi, mpeni atanola, anebanso awiri atakhala pakhonde kudikira chiwindi. Tinadya nsima ya tomato ndi anyezi basi, wina osalankhula, kupatula alamu omwe amati akatema mbamu nkunong'ona kuti "sauka" kenako kutsamwa.

Titamaliza kudya ndinamva kutsokomola kuseri kwa chitseko. Amayi. Kapepala kaja anali atakapempha kwa abusa, akuti akakawotche. Ndipo chikwatirire mwana wawo, aka kanali koyamba kundilankhula mwachindunji popanda wapakati.

"Bambo a Chisomo, matimu anuwa asanu ndi limodzi awina kale, ndamva pa wailesi. Yatsala imodzi yamawa. Ikawina, mbuzi mugula ndinu, ndipo pepalali likhala ndi ine."

Yotsalayo inali timu yanga ija.