Apilu kapena dandaulo: sabata imodzi pa tebulo la uphungu wa zamalamulo ku Chipata

Lolemba benchi ya panja imadzaza msanga, chifukwa amene milandu inawagwera sabata yatha amakhala atagona nazo mumtima Loweruka ndi Lamlungu. Woyamba kulowa anali mayi wina wa ku Chadiza, pepala la chigamulo cha Local Court, khoti laling'ono loweruza motsata miyambo, atalipinda kanayi n'kulimangirira pansonga ya chitenje. Ukwati unatha, ng'ombe zonse zinapita kwa mwamuna, iye n'kutsala ndi ziwiya. "Ndabwera kudzasumira woweruza uja," anatero asanakhale n'komwe.

Funso loyamba silisintha: "Amai, chakuwawani ndi chigamulo, kapena pali chimene woweruza anachita chosayenera mpando wake?" Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi, ndipo zimawadyera nthawi. Bungwe la Judicial Complaints Commission, lomwe timangoti JCC, lili ku Lusaka. Ndime 236 ya malamulo aakulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, imalipatsa ntchito yolandira ndi kumva madandaulo okhudza khalidwe la majaji ndi mamajisitireti. Chigamulo silingachisinthe. Ng'ombe za mayiyu sizingabwerere kudzera kumeneko. Njira yake ndi apilu ku Subordinate Court, khoti la majisitireti, ndipo apilu yochokera ku Local Court ili ndi masiku 30. Powerenga kuchokera pa deti la chidindo, anali atatsala 9. Akanatumiza kalata ku Lusaka n'kukhala chete kudikira yankho, khomo la apilu likanatsekeka. Zifukwa za apilu zinalembedwa tsiku lomwelo.

Lachiwiri kunabwera nkhani ya dandaulo lenileni. Bambo wina wa ku Katete anauzidwa ndi munthu wodziwika pakhonde la khoti kuti "akuluakulu akufuna kangachepe" mlandu usanagamulidwe. Ndalamazo sanapereke, ndipo anachita bwino, chifukwa wopereka chiphuphu nayenso amapalamula. Uthenga unali mu foni yake, pamodzi ndi nambala yotumizirapo ndalama. Pamenepa pamafunika kudekha. Uthengawo ukusonyeza kuti wina anapempha ndalama, koma sukusonyeza kuti woweruza ndiye anamutuma, pakuti alipo anthu amene amadyera m'dzina la oweruza eni ake osadziwa. Choncho m'kalata timalemba zimene munthu anaona ndi kumva yekha, osati zimene akuganizira. Nkhani ya ziphuphu imafunikanso kukatulidwa ku Anti-Corruption Commission, bungwe lolimbana ndi ziphuphu, ndipo uthenga wa mu foni usafufutidwe.

Kalata yodandaula ikhale ndi dzina lonse la wodandaula, adiresi ndi nambala ya foni, dzina la khoti, nambala ya mlandu, mayina a mbali zonse ziwiri ndi dzina la woweruza. Kenako zochitika mwa ndondomeko yake, chilichonse ndi deti lake, mboni ngati zilipo, ndi siginecha kapena chidindo cha chala. Timatumiza mafotokope okha, mapepala enieni amatsala kwa mwini. Makalata ambiri amafooka pa zinthu zazing'ono: nambala ya mlandu palibe, tsamba lonse ndi zotukwana, kapena umboni wonse wagona pa mawu akuti "anthu akunena". Ena amayamba alemba pa Facebook, n'kudziitanira mlandu wonyoza khoti kapena woipitsa mbiri ya munthu.

Lachitatu inali nkhani ya chigamulo chochedwa. Ndime 118 ya malamulo aakulu aja imati chilungamo chisachedwetsedwe, ndipo kuchedwetsa kopanda chifukwa n'koyenera kudandaula. Koma timayamba tafunsa kwa kalaliki wa khoti, mwa kalata, kuti tidziwe ngati vuto ndi woweruza, fayilo yosowa kapena mbali ina yomwe imangopempha kuti mlandu uimitsidwe.

Lachinayi ndilo linali lolemera. Anthu atatu a mlandu umodzi wa chuma cha masiye anabwera pamodzi. Woweruza wawo, anatero, amafunsa funso lomwelo katatu, amasokoneza mayina a wosuma ndi wosumiridwa, ndipo tsiku lina anawodzera mboni ili mkati molankhula. Iwo anali atagamula kale kuti ndi mowa. Koma palibe mmodzi yemwe amene anamuona akumwa kapena kumva fungo. Zimenezi zingabwere ndi matenda a shuga, sitiroko kapena mankhwala amphamvu, ndipo lamulo limasiyanitsa kudwala ndi khalidwe loipa.

Kwa majaji a makhoti aakulu, kuyambira High Court kupita m'mwamba, ndime 143 imatchula zifukwa zinayi zochotsera munthu pampando: matenda a m'thupi kapena a maganizo omulepheretsa kuweruza, kusadziwa ntchito, khalidwe loipitsitsa, ndi kugwa m'ngongole mpaka khoti kulengeza kuti walephera kubweza. Ndime 144 ndiyo imayala njira. JCC ikaona kuti pali mlandu wofunika kuyankha, imatumiza lipoti kwa Pulezidenti, yemwe amaimitsa jajiyo pasanathe masiku 7. Pasanathe masiku 30 chiimitsireni, JCC imamva nkhaniyo m'chipinda chotseka, jaji ali ndi ufulu wodziyankhira kapena kubwera ndi loya. Ikakhala ya matenda, imakhazikitsa gulu la azaumoyo ovomerezeka osachepera atatu, omwe amapatsidwa masiku 30 kuti amupime ndi kupereka lipoti. Chofunika kumvetsa n'chakuti kulumala pakokha si chifukwa. Jaji woyenda pa njinga ya olumala, kapena wosaona, saimitsidwa ngati ntchito akuigwira. Chimene amapima n'chakuti, kodi akuthabe kuweruza?

Woweruza wa anthu atatuwa sali m'gulu la majaji amenewo. Mamajisitireti ndi oweruza a Local Court amalembedwa ntchito ndi Judicial Service Commission, ndipo nkhani zawo sizifika kwa Pulezidenti. Dandaulo limapitabe ku JCC, koma malangizo ake amapita kwa owalemba ntchito. M'kalata yawo mawu akuti "chidakwa" tinawachotsa, n'kuikamo madeti atatu ndi zimene zinachitika pa tsiku lililonse. Kalata yotere imateteza mlandu wawo, komanso imapatsa mpata munthu amene mwina akudwala kuti athandizidwe asananyozeke pagulu.

Lachisanu masana kunali maphunziro a alangizi ongodzipereka ochokera ku Lundazi, Petauke ndi Mambwe. Funso lawo linali lakuti, kodi zimenezi zimagwiradi akuluakulu? Mu 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema, potsatira malangizo a JCC, anaimitsa majaji atatu a Constitutional Court, a Anne Sitali, a Mugeni Mulenga ndi a Palan Mulonda, mu Seputembala, n'kuwachotsa mu Okutobala. Nkhaniyo inagawa anthu, ena akuti lamulo lagwira ntchito, ena akuti ndale zalowerera. Achikulire anakumbukiranso za 2012, pomwe Pulezidenti wa nthawiyo, a Michael Sata, anaitana Jaji Lovemore Chikopa wa ku Malawi kudzatsogolera gulu lofufuza majaji atatu, malamulo asanasinthidwe. Kumvera nkhani motseka chitseko kumateteza jaji wonamiziridwa, izo n'zoona. Koma kumasiyanso anthu mumdima, ndipo mlimi wa ku Vubwi, amene Lusaka ili kutali naye makilomita oposa 550, savutika kukhulupirira kuti kalata yake inangoikidwa pansi pa mulu. N'chifukwa chake kopi ya kalata iliyonse imatsala mu fayilo yathu, ndi deti lomwe inatumizidwa, kuti pakapita nthawi tilembenso yofunsa pomwe nkhani yafika.

Tikutseka ofesi, mayi wa ku Chadiza uja anatulukira ndi lisiti la apilu m'manja. Inalowa kutatsala masiku 5.