Deta Yathu Imamvera Lamulo la Yani?

Mwezi uno m'phunziro lathu la malamulo ndi ubale wa mayiko tinafika pa mutu wa deta, kutanthauza mbiri za anthu ndi mauthenga osungidwa pa makompyuta ndi mafoni, ndipo ndinauyamba ndikuganiza kuti malamulo oterewa amalembedwa pofuna kuteteza munthu wamba basi. Nditawerenga kwa masabata awiri kuno ku Ulónguè, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndaona kuti chitetezocho chilipodi, koma pansi pake pali kulimbirana mphamvu pakati pa mayiko akuluakulu.

Mayiko a European Union ali ndi lamulo loteteza deta ya anthu lotchedwa GDPR, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, ndipo kampani yoliphwanya ikhoza kulipitsidwa chindapusa chofika 4 peresenti ya ndalama zonse zimene imapeza pa chaka. Mu 2023 kampani ya Meta, mwini wa Facebook ndi WhatsApp, inalamulidwa kulipira mayuro 1.2 biliyoni chifukwa chotumiza deta ya anthu a ku Ulaya kupita ku America. Chimene chinanditsegula maso n'chakuti mu 2018 momwemo dziko la America linakhazikitsa CLOUD Act, lamulo lopatsa boma mphamvu yoitanitsa deta ku makampani a kwawo ngakhale detayo itasungidwa kunja kwa dzikolo. Choncho uthenga umodzi wa pa foni umakhala ngati mbuzi yomangidwa zingwe ziwiri, aliyense akukokera kwake.

Dziko la China linatsekera Facebook ndi Google kunja kalekale, ndipo mu 2021 linaonjezera malamulo awiri okhwimitsa katulutsidwe ka deta m'dzikomo. Nalo la America linaikira ziletso kampani ya ku China ya Huawei mu 2019, kenako mu Okutobala 2022 linaletsa kugulitsa ku China machipi amphamvu kwambiri a makompyuta.

Pamene ndinaima nthawi yaitali ndi pa funso la ife eni. Ife a ku Tete tinazolowera kuona chuma chikutuluka: malasha a ku Moatize amapita pa sitima kukakwera zombo ku Nacala ndi ku Beira, ndipo magetsi ambiri a ku Cahora Bassa amathera ku South Africa. Deta nayo ikutuluka chimodzimodzi, kungoti ilibe sitima yoti tiziiwerenga mabogi. Mayi wogulitsa mbatatesi pa msika akalandira ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola, amasiya mbiri ya nambala yake, nthawi ndi kuchuluka kwa malonda ake, ndipo akatumiza chithunzi pa WhatsApp amadalira makina a kampani yomvera malamulo a ku Washington ndi ku Brussels, likulu la European Union. Mgwirizano wa African Union unavomereza pangano la ku Malabo lokhudza deta mu 2014, koma linadikira mpaka 2023 kuti mayiko 15 alivomereze n'kuyamba kugwira ntchito, Mozambique ali m'gulumo. M'kuona kwanga, zaka 9 zimenezo ndi zimene ena anagwiritsa ntchito kutiikira malire ife tisanakhale pansi.

Aphunzitsi atiuza kuti sabata yamawa tiwerenge ndime 71 ya malamulo aakulu a dziko lathu, yonena za kagwiritsidwe ntchito ka makompyuta posunga mbiri za anthu. Ine ndikupita ndi funso la pa chipata cha Calómuè, pamene foni ya munthu imagwira netiweki ya ku Dedza iye mapazi ali mu Mozambique: deta ya munthu ameneyo ikuyenera kudandauliridwa ku Maputo kapena ku Lilongwe?