Kalasi ya ma orchid yandikumbutsa chikande

Ndimagwira ntchito ya m'gadeni kuno ku Johannesburg, ndiye chaka chino ndinalembetsa kakosi ka zosamalira zomera, timaphunzira Loweruka masana. Sabata yathayi tinali pa maluwa otchedwa ma orchid ndipo mpaka pano nkhaniyo siikuchoka m'mutu.

Aphunzitsi anabwera ndi kachipatso kouma ka orchid nkukaswera pa pepala loyera, zomwe zinatuluka ngati fumbi la ufa, akuti njere zimenezo. Njerezi zilibe chakudya mkati, mosiyana ndi nyemba kapena chimanga, ndiye kutchire sizingamere zokha mpaka zitakumana ndi timizu ta bowa wina wake wa m'dothi amene amazidyetsa, komanso kuti duwa lidzatuluke pamapita zaka. Apa mpamene ndinamvetsa kuti munthu akakumba zikuluzikulu zonse pa phiri, malo aja amatsala opanda kanthu kwa nthawi yaitali zedi.

Koma anthu olemera ena akangomva kuti mtunduwu ngosowa ndiye amaufuna kwambiri, mtengo uli onse. Ku Vietnam kuli wina, Paphiopedilum canhii, akatswiri a zomera anaulengeza mu 2010 ndipo pasanapite nthawi okumba anali atatsala pang'ono kuumaliza kutchire. Chonsecho pangano la CITES la 1973, la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakutchire, lilipo, ma orchid onse ali mmenemo, kudutsa nawo boda pamafunika pepala. Kuno ku Joni vuto lomweli lili pa ma cycad, zomera zooneka ngati kanjedza zija timathirira m'mayadi mwa mabwana, amafunika chilolezo, ndipo mu 2014 akuba analowa mpaka m'munda waukulu wosungiramo zomera wa Kirstenbosch ku Cape Town nkuzula 24.

Chomwe chandikhudza kwambiri ndi chikande, ena amati chinaka. Ine ndakula ndikudya chimenechi, azakhali ankasinja timbatata tija nkusakaniza ndi nsinjiro ndi chidulo, koma kuti timbatatato ndi ta ma orchid ngati Disa ndi Satyrium ndamvera m'kalasi muno. Ku Nyika kuli mitundu pafupifupi 200 ya ma orchid ndipo okumba amalowanso komweko. Mayi wokumba kuti apeze ya sopo sindingamuike pamodzi ndi munthu wongofuna kudzitama ndi duwa losowa, ayi, koma mbatata ikazulidwa chomeracho chathera pomwepo.

Usiku womwewo ndinawaimbira azakhali pa WhatsApp kuwafunsa. Akuti kale ankakumba kudambo kuseri kwa mudzi, pano amachita kugula kumsika kwa anthu ochokera kutali.